Araxie ndi Tigalimoto Take ta ku Japan

Araxie anali msuweni wanga, mwana wa amalume. Tinakulira limodzi m'minda ya mphesa kunja kwa tauni yathu ya Fowler, ku California. Amalume analibe mwana wamwamuna, choncho thirakitala anaphunzitsa iyeyo. Miyendo yake isanatalike n'komwe anali atayamba kale kuyendetsa lole ya mphesa, atakhalira matumba kuti aziona kutsogolo. Mayi ake ankati akamva injini ikubangula kumunda, ankasiya chimene akuchita n'kuyamba kupemphera m'Chiameniya, chinenero cha makolo athu.

Atakula anakwatiwa ndi a Vartan Kalustian, mwamuna wa ndevu zapamlomo zopesa bwino, amene ankagulitsa galimoto pa kampani ya a Pruitt, m'mbali mwa msewu waukulu. Alamu angawo pakamwa anali napo. Ukangolowa kuti ufunse njira, unkatuluka uli ndi makiyi m'manja. Mtima wawo wonse unali pa galimoto zazing'ono za kuno ku America, zimene mafakitale athu anayamba kupanga anthu atatopa ndi zimphona zija zotalika ngati basi. Zinali zazing'ono m'dzina lokha, chifukwa banja lonse linkakwanamo, ndi galu yemwe. Mayina a mafakitale sinditchula. Ndikangotero theka la anzanga asiya kundipatsa moni.

Mwana wawo Sona atayamba sukulu, Araxie analembedwa ntchito yotayipa pa kampani yomweyo. Ankakhala kuseri kwa galasi, zala zili pa makina, khutu lili kwa ogula. Masana ena a Vartan atapita kukadya, panabwera namwino wina wofuna galimoto. Araxie anaona kuti mayiyo akutembenuka kuti azipita, ndiye anatola makiyi, n'kumukweza, n'kukazungulira naye tauni. Pobwera namwinoyo anali atasankha kale ndi mtundu womwe.

A Pruitt anamuitana.

"Mayi Kalustian, mwachita bwino, koma musadzabwerezenso. Palibe angagule galimoto kwa munthu wovala siketi."

"Koma amene wagulayu wavalanso siketi, bwana."

"Bwererani pa makina anu."

A Vartan anali atangolowa kumene, akutokosa m'mano, ndipo anaseka. Anangoti khi kamodzi kokha. Mpaka kukalamba kwawo ankati kuseka kumeneko ndi kumene kunawagwetsera denga pamutu.

Ine ntchito yanga inali yolemba zikwangwani, ndipo tsiku limenelo ndinali pamwamba pa makwerero, ndikupenta dzina la a Pruitt. Ndinaona Araxie akutuluka ndi kachikwama kake. Sanayang'ane kumbuyo. Anawoloka msewu n'kulowa kwa a Duarte, mkulu wina wa Chipwitikizi amene ankagulitsa njinga zamoto ndi makina otchetchera kapinga. Mwezi womwewo a Duarte anali atalandira tigalimoto ta ku Japan, ndipo ankangotiyang'ana ngati munthu amene nkhuku yake yaswa abakha. Tinali tating'ono zedi, ta mitundu ya zipatso, kena ngati lalanje, kena ngati ndimu, kena ngati peyala losapsa. Palibe wogulitsa galimoto aliyense m'tauni amene ankafuna kuonedwa pafupi nato.

Posakhalitsa ka lalanje kanatuluka pachipata matayala akulira, kanakhota pakona n'kuzimiririka. A Duarte anaima pakati pa bwalo manja ali kumutu. Katabwerera, Araxie anatuluka tsitsi lili nyankhalala, akuseka ngati mwana amene waba shuga. Anandikuwira msewu wonse ukumva.

"Zaven! Ukamaliza kumeneko ubwere kuno, ndipo utenge penti yofiira!"

Chikwangwani choyamba chimene ndinamulembera chinati: NDIFE ANG'ONOANG'ONO, KOMA SITIMWA NGATI ANZATHU A TSIDYA ILO.

M'mawa mwake a Vartan anandipeza ndisanatsegule n'komwe shopu.

"Alamu, mwadya kale? Ndabwera ndi buledi wa nyama, wotentha. Tengani makwerero."

Chawo chinati: KUNO TIMAGULITSA GALIMOTO. ZIDOLE ZILI TSIDYA ILO.

Nkhondo inayambira pamenepo, ndipo amene ankanenepa nayo ndi ine. Aliyense ankandinyengerera ndi chakudya kuti ndiulule chimene mnzake walamula. Araxie ankabwera ndi masamba a mphesa okulungamo mpunga, a Vartan ndi nyama yowotcha. Ndinkadya zonse osaulula kanthu, mpaka makwerero anayamba kulira ndikamakwera. A Vartan analemba kuti GULANI CHITINI CHA NSOMBA, CHOTSEGULIRA N'CHAULERE. Araxie anayankha kuti NSOMBA ZATHU SIZITSOKOMOLA M'MAWA. Anthu ochokera m'matauni oyandikana nafe a Selma ndi Kingsburg anayamba kudutsira dala msewu wathu Loweruka kuti awerenge zatsopano. Madalaivala a malole ankaliza hutala, kamodzi ngati agwirizana ndi mwamuna, kawiri ngati agwirizana ndi mkazi.

Kutchalitchi ankapita pa galimoto ziwiri, chifukwa palibe ankalola kukwera ya mnzake. Ankathamangitsana kuti apeze malo a pamthunzi wa mtengo wa mkuyu. Sona atatopa ndi kufunsidwa kuti akwera ya ndani, anayamba kupita pa njinga yakapalasa. Amayi a mumpingo anatsimikiza kuti ukwatiwo watha, ndipo ena ankandigwira dzanja mwachisoni ngati pamaliro.

Lamlungu lina madzulo ndinapita kunyumba kwawo ndili ndi mantha omwewo. Ndinawapeza pakhonde, Araxie atatsamira paphewa la mwamuna wake, akumuuza mawu a chikwangwani cha mawa.

"Ayi, hokis, amenewo ndi ofooka," anatero a Vartan. Hokis ndi mmene ankamuitanira kuyambira pachibwenzi, kutanthauza moyo wanga. "Ngati ukundinyoza, undinyoze bwino. Anthu asamati mkazi wa Vartan alibe lilime."

"Nanga ndiziti chiyani?"

"Unene za mimba yanga. Uti galimoto zake zafanana ndi mwini wake."

Araxie anaseka mpaka kutsamwa, ndipo mawa lake ndinalemba zomwezo.

Kenako mu 1973 mafuta anasowa m'dziko lonse. Mizere ya galimoto pomwetsera mafuta inkafika mpaka kunjanji. Araxie ankadzaza fulasiki ya khofi n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mzerewo ndi ka lalanje kake, windo lili pansi, akugawira anthu khofi ndi kuwafunsa za ana awo. Za galimoto sankanena chilichonse. Tsiku lina anapeza a Vartan pamzere, thukuta lili kamukamu.

"Pepani bambo, mwaima nthawi yaitali? Ine ndinathira sabata yatha, kapena ndi sabata inayo, ndaiwala. Shuga angati?"

"Pita uko, mfiti iwe!"

"Ndikusungireni chakudya chamadzulo, kapena mufika mawa?"

Mzere wonse unafa ndi phwete. A Vartan khofiyo analandira ndithu.

Chaka chimenecho a Duarte anachotsa makina a kapinga kuti apeze malo. Aphunzitsi, anamwino, ngakhale alimi ena amene kale ankalavula malovu akaona tigalimototo, anayamba kuwoloka msewu chozemba, zipewa zili m'maso. Koma a Vartan sanagonje. Ankaimika galimoto yawo pachipata, n'kukwezamo azibale onse amene apezeka, ndi mabokosi a mphesa, ndi chivwende pamiyendo pa aliyense, n'kumadutsa pamaso pa Araxie onse akumukwezera manja.

Nkhondoyo inafika pachimake chifukwa cha Abambo Mesrob, wansembe wathu. Anali chimunthu, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, ndevu mpaka pachifuwa, mawu ngati bingu lakutali. Galimoto yawo yakale inali itafera panjira ya kumanda, ndipo komiti ya mpingo inagwirizana zowagulira yatsopano yaing'ono. Mpingo unagawikana pakati. Pamsonkhano anthu anatsala pang'ono kugendana ndi mabuku a nyimbo. Abambo anadzuka n'kunena kuti:

"Ana anga, Lamlungu tikupita kumtsinje kukadalitsa mphesa. Popita ndikwera ya Vartan, pobwera ndikwera ya Araxie. Kenako tidzaona."

A Vartan anatuluka akuvina. Anandigwira paphewa.

"Alamu, zatha! Munthu ameneyu alowa bwanji m'chitini? Adzafunika kumupinda katatu. Konzani penti yagolide."

Popita zonse zinayenda bwino. Galimoto ya a Vartan inali yopukutidwa mpaka kuwala, mpando wofewa, wailesi ikuimba chapansipansi. Ankayendetsa ngati anyamula mazira. Abambo anafika kumtsinje akugona, ndipo a Vartan anauza aliyense kuti tulo timeneto ndi umboni. Mphesa zinadalitsidwa, nyama inawotchedwa, ng'oma ndi chitoliro zinalira, tinavina mpaka malaya kunyowa.

Dzuwa litapendeka, Araxie anabweretsa ka lalanje kake. Anthu onse anasiya mbale n'kuzungulira kuti aone wansembe akupindidwa. A Vartan anatsegula okha chitseko, akuwerama monyoza. Kenako anasuzumira mkati.

Mpando wakutsogolo, wa pambali pa dalaivala, munalibe. Araxie anali atauzula ndi sipanala m'mawa womwewo, n'kuyala kapeti wa mayi ake pamene unali. Abambo analowa, anakhala kumbuyo, anatambasula miyendo yonse mpaka kutsogolo, n'kupisa manja m'ndevu ngati mfumu.

"Ha! Ngakhale kunyumba kwanga sindikhala chonchi," anatero.

"Chinyengo!" anakuwa a Vartan. "Abambo, galimoto imagulitsidwa ndi mipando yake!"

"Mpando uli kunyumba, hokis," anatero Araxie. "Ukafuna ukhalepo."

Ananyamuka. A Vartan anathamangira yawo, ine ndinalumphira m'kalole kanga ka penti, ndipo theka la mpingo linatitsatira. Tinayenda pang'ono pa tala, kenako ka lalanje kanakhotera m'kanjira ka fumbi kodutsa m'minda ya mphesa. Tinjira timeneto Araxie ankatidziwa kuyambira ali mwana. Ife tinangoona fumbi likukwera, likukhota kumanzere, likukhota kumanja, likudumpha pa kamlatho ka ngalande. Ya a Vartan inakana kulowa pakati pa mizere ya mphesa chifukwa cha kunenepa. Tinabwerera chambuyo n'kudzera msewu waukulu.

Zimene zinachitika m'katimo anandiuza Abambo eni ake patapita nthawi. Akuti poyamba anatchula oyera onse amene ankawadziwa. Atadumpha kamlatho kaja mutu unagunda denga, ndipo anadzimva akuseka. Anali asanasekepo choncho chichokereni ku seminale.

"Mwana wanga, kangathamange kuposa apa?"

"Abambo, pano tikungoyenda."

"Ima. Ima! Ndipatse ndiyese."

Ife tinafika kutchalitchi n'kupeza kulibe munthu. Tinadikira. Mayi Shushan, akazi awo a Abambo, poti ansembe athu amakwatira, anali atayamba kupotokola mpango m'manja. Mwadzidzidzi tinamva hutala kuchokera kumbuyo kwa manda. Ka lalanje kanatulukira kali mbuu ndi fumbi, nthambi ya mphesa ikulendewera pagalasi. Pachiwongolero panali Abambo Mesrob, maondo ali m'makutu, mutu utapendekera pawindo, ndevu zikuuluka. Araxie anali kumbuyo, miyendo atatambasula, akudya mphesa zodalitsidwa.

Anazungulira tchalitchi kamodzi. Tinaganiza kuti aima. Anazunguliranso, akuimba nyimbo ya Pasaka ndi mawu awo onse. Ulendo wotsatira anadutsa pa maluwa a komiti ya amayi, anaphonya mkuyu pang'onong'ono, n'kukaima mphuno ili mu mpanda wa maluwa. Anatuluka movutikira, mwendo umodzi kenako unzake, anaongola msana, nati:

"Ulemerero kwa Mulungu! Ndani akufuna kukwera?"

Mayi Shushan anapita kwa wapampando wa komiti, anamugwira tayi, n'kunena mawu amene tonse tinawamva.

"Mugule ya Vartan. Ine sindinakonzeke kuvala zakuda."

Komiti inagula ya a Vartan. Lolemba ndinakwera makwerero ndi penti yagolide ija n'kulemba kuti GALIMOTO IMENE ABAMBO AMAKWERA. A Vartan anagulira aliyense ayisikilimu, ngakhale a Duarte. Araxie sanalamule chikwangwani chilichonse sabata imeneyo, ndipo alamu anayamba kuda nkhawa kuti mwina akudwala.

Lolemba lotsatira, galimoto yatsopano ya Abambo inaima mwaulemu kuseri kwa shopu ya a Duarte. Abambo anatuluka akuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wanga, ndangobwera kudzaona ngati kaja sikanavulale."

"Kali bwino, Abambo. Koma kakufunika kuyesedwa."

"Ndimaganizanso choncho."

Anabwera Lolemba limenelo, ndi linzake, ndi linzakenso, kwa zaka. Chikwangwani cha Araxie chinangoti: AFUNSENI ABAMBO KUMENE AMAKHALA LOLEMBA. A Vartan atachiwerenga anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kuseka mpaka misozi.

Zaka zinapita. A Pruitt anakalamba, ana awo sanafune bizinesiyo, ndipo malowo anagulidwa ndi ogulitsa matilesi. Tsiku lotseka, a Vartan anatuluka atanyamula mpando wawo wa muofesi pamutu. Anaima m'mphepete mwa msewu nthawi yaitali. Araxie anatuluka, analowa pakati pa msewu, anaimitsa malole ndi dzanja limodzi, n'kukodola mwamuna wake. Anawoloka madalaivala akuliza mahutala.

"Zitini zako sindigulitsa," anatero atafika.

"Ndani wakupempha? Pita kuseri."

Kuseriko kunali galimoto za ku America zimene anthu ankasiya posinthitsa ndi za ku Japan. Zinali zambiri, zafumbi, palibe ankazisamala. A Vartan anavula jekete. Anazitsuka imodziimodzi, akuzilankhula ngati ana amasiye, ndipo anazigulitsa zonse kwa anyamata a kusekondale ndi antchito a m'minda. Panali chimkuzamawu chimodzi choitanira ogulitsa, ndipo awiriwo ankalimbirana tsiku lonse. "Bambo wa zigalimoto zakale, muli ndi mlendo kuseri." "Mayi wa zitini, mwana wina wataya chidole chake pakhomo." A Duarte anagula zotseka m'makutu.

A Vartan anatisiya ali ndi zaka za m'ma eyite. Galimoto yonyamula maliro inali ya ku America, yaitali, yakuda, monga anafunira. Araxie anaitsatira pambuyo pa kagalimoto kake, pang'onopang'ono, mpaka kumanda. Sona anandinong'oneza kuti aka kanali koyamba kuona mayi ake akulephera kupitirira galimoto ya bambo ake.

Masiku ano anyamata okonda galimoto zakale amakumana Loweruka m'mawa pabwalo la sitolo ina yotsekedwa. A za ku America amaimika mbali ino, a za ku Japan mbali iyo, maboneti ali pamwamba, n'kumanyozana mwachikondi. Ambiri anabadwa nkhondo yathu itatha kalekale. Tsiku lina Sona anatitengera kumeneko, ine ndi ndodo yanga, Araxie ndi yake. Makiyi a galimoto Sona anali atamulanda Araxie chaka chapitacho, atamupeza akupikisana ndi mnyamata wa njinga yamoto pa maloboti.

Tikuyenda, Araxie anaima pa kagalimoto kobiriwira. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kolembedwa dzina la a Duarte. Mwini wake, mnyamata wa ndolo kukhutu dzina lake Ruben, anali akukapukuta ndi thewera.

"Aka ndinagulitsa ine," anatero Araxie. "Kwa mphunzitsi wa masamu, wadazi. Ankaopa magiya."

Ruben anagwetsa thewera.

"Inu ndinu mayi a zikwangwani aja? Agogo anga ankakamba za inu! Anyamata, bwerani kuno!"

Anatizungulira, a mbali zonse ziwiri, mafoni ali m'mwamba. Wina wa mbali ya America anafunsa ngati zinali zoona kuti anazula mpando chifukwa cha wansembe. Wina anafuna kudziwa kuti zabwino zinali ziti kwenikweni.

"Zanga," anatero Araxie. "Koma wogulitsa wabwino anali tsidya linalo. Mwana wanga, ndingakhalemo pang'ono? Miyendo yatopa."

Ruben anatsegula chitseko ndi manja awiri, anamukhazika pachiwongolero, n'kuthamangira mbali inayo kuti ajambulitse ali pambali pake. Makiyi anali pomwepo. Sona anawaona mochedwa.

"Amayi! Amayi, musayerekeze!"

Injini inalira. Ndodo inaponyedwa pawindo n'kugwera pamapazi anga. Kobiriwira kanadutsa pakati pa mizere iwiri ya galimoto, anyamata akulumphira kumbali, kanatuluka pachipata n'kulowera kuminda. Bwalo lonse linaphulika. A ku America ndi a ku Japan omwe ankaliza mahutala, ena atakwera pamwamba pa malole kuti aone. Sona anakhala pa bampala ya munthu wina, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Anabwerera khofi wanga atazizira. Ruben anatuluka nkhope ili mbee, koma mano onse ali pamtunda. Araxie anazimitsa injini, anakonza tsitsi pagalasi, n'kumupatsa makiyi.

"Giya yachitatu ikukukuta," anamuuza. "Ndipo iwe umakuwa kwambiri. Zaven, ndipatse ndodo yanga, ndili ndi njala."